Njerwa za ku Mbombwe

Tchalitchi cha udzu sichilimba pamoto. Akhristu a Providence Industrial Mission ankazidziwa bwino zimenezi, chifukwa William Jervis Livingstone, bwana woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ankawatenthera timatchalitchi tawo ta m'midzi. Koma tchalitchi cha ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, moto sukanachitha. Asilikali a atsamunda atafika mu 1915 anachita kuchiphulitsa ndi mabomba. Ine ndimati umenewo ndiye umboni woposa wina uliwonse wa luso la amisiri amene anachimanga.

John Chilembwe anayambitsa mpingowu mu 1900 atabwerako ku America, ndi kagulu kochepa. Anthu ake anali alimi wamba, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ena olemedwa ndi thangata. Komabe pofika 1913 anali atamaliza chinyumba chachikulu cha njerwa zootcha.

Aliyense amene anaumbapo njerwa akudziwa kuti ntchitoyi imayambira kumapazi. Dothi lokumbidwa amalithira madzi, ligone, kenako aliponde mpaka limvere. Likachuluka mchenga njerwa imafumbutuka, likachuluka makande imang'ambika. Woumba amanyowetsa chikombole, n'kuponyamo dothi mwamphamvu kuti lidzaze ngodya zonse, n'kukakhuthula pabwalo losesa bwino. Amafunditsa udzu, poti dzuwa la chilimwe likaiwomba njerwa yaiwisi imauma kunja m'kati mukadali madzi. Uvuni ndiye pamene pamaonekera katswiri. Moto amauyamba pang'onopang'ono kuti chinyezi chituluke, kenako amasonkhezera usiku ndi usana osagona. Njerwa yopsa bwino ukaigogoda imalira ngati chitsulo, yosapsa imangoti phu!

Nanga khoma lalitali chotero? Mzere umodzi ukapendekeka pansi, cholakwacho chimakula pokwera, ndiye mmisiri sasiyana ndi chingwe chake. Njerwa iliyonse igone pamwamba pa mpata wa ziwiri zapansi pake kuti khoma ligwirane. Ndipo njerwa iliyonseyo inadutsa m'manja mwa munthu kangapo: poumba, potembenuza, popanga uvuni, popatsira womanga. Madzi ndi nkhuni zinabwera pamutu. Timakonda kutchula abusa, koma otunga madziwo mayina awo sanalembedwe pakhoma.

Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915, ndipo mpingo unatsekedwa zaka zoposa khumi. Mu 1926 Dr Daniel Sharpe Malikebu, amene ali mnyamata anatsatira mphunzitsi wake Emma DeLany ku America n'kukaphunzira udokotala ku Meharry, analoledwa kuutsegulanso. Akhristu anakumbanso dothi, anatenganso zikombole, n'kumanga tchalitchi china cha njerwa pafupi ndi bwinja la choyamba chija. Chimenecho ndicho chilipo mpaka lero, ndipo chaka ndi chaka pa 15 January anthu amasonkhana kumeneko pokumbukira Chilembwe.