Chafa ndi Diso Lokha

Kuseri kwa magolosale, pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wochoka pa Mponela kukwera ku Ntchisi, kuli kanyumba ka zidina kofolera malata komwe anyamata amaonerako mafilimu. Mabenchi ndi a matabwa a bulugama, pazenera anatchinga ndi chiguduli. Maonekedwe ake ndi omwewo a nyumba za kanema za pa Madisi, pa Malomo kapena pa Nambuma. Kusiyana kumamveka filimu ikayamba. M'nyumba zambiri zotere phokoso limachita kugonthetsa m'khutu, koma zimene akukamba anthu a mufilimu osazimva. Muno munthu akanong'ona, wa pabenchi lomaliza amatola liwu lililonse, ndipo bomba likaphulika pachifuwa pamagunda koma sipika siisasa mawu.

Mwini malowa anthu amangomutchula kuti amisiri, chifukwa masana amakonza mawailesi ndi mafoni pakhonde. Nditapempha kuona makina ake ndinkayembekeza chinthu chodula. Anandionetsa dividi yakale yosupuka utoto, kachitseko kolowetsera chimbale atakamata ndi tepi. Diso lake lowerengera zimbale linatha ndi fumbi la mu Okutobala zaka zapitazo.

"Nanga amisiri, chakufachi mukusungiranji?" ndinafunsa.

"Chafa ndi diso lokha, achimwene. Mutu uli bwinobwino. Tatembenuzani muone kumbuyoko."

Ambirife kumbuyo kwa dividi timadziwako mabowo atatu: lachikasu la chithunzi, lofiira ndi loyera la mawu. Iyi ili ndi ena asanu ndi limodzi, olembedwa FL, FR, CEN, SL, SR ndi SW. Luso lonse la bamboyu lagona pa mabowo amenewa.

M'nyumba za anthu opeza bwino, mawu a filimu amadutsa m'manja atatu. Choyamba ndi chowerenga chimbale. Chomaliza ndi ampu, yomwe ntchito yake n'kupereka mphamvu yokankha masipika. Pakati pamakhala bokosi lodula kwambiri lomwe lilibe mphamvu yoliza ngakhale sipika imodzi, koma ndilo kapitawo: limamasula mawu omangidwa m'manambala, kuwagawa kuti awa apite kumanzere, awa kumanja, awa pakati, kusankha sipika yosenza mabesi, ndi kulamula voliyumu. Njira yogawa mawu pasanu ndi kamodzi ya Dolby Digital inayamba kumveka m'nyumba zazikulu za kanema mu 1992 ndi filimu ya Batman Returns. DVD itatuluka ku Japan mu 1996 inatenga njira yomweyo, ndipo patapita zaka opanga madividi otchipa anayamba kuika kapitawo uja m'kati mwa dividi momwemo, pa kachipu kochepa ngati chikhadabo. Ogula ambiri sanadziwe kuti agula zinthu ziwiri pamtengo wa chimodzi. Amisiri anadziwa. Filimu imalowa pa fulashi, dividi imagawa mawu, mawaya n'kutsika molunjika ku ampu ya m'galimoto yokoka moto ku batire la sola. Bokosi la pakati lija palibe, ndipo silisoweka.

Ampuyo ili ndi njira zinayi zokha pomwe mabowo ndi asanu ndi limodzi. Wina akadagula ampu yachiwiri kuti mawu azizungulira kumbuyo, anthu adabwe. Amisiri anapereka njira ziwiri kumanzere ndi kumanja, imodzi ku wufa yosenza mabesi, yotsalayo ku kasipika kakang'ono kokhala pamwamba pa sikirini. Masipika a kumbuyo anawazimitsa mu menyu kuti dividi iphatikize mawu ake ndi a kutsogolo, pasatayike kanthu. Kasipika ka pakatiko amakasamala ngati mwana wakhanda, chifukwa mufilimu ya mawu ogawa pasanu ndi kamodzi pafupifupi zokamba zonse zimadutsa pa bowo la CEN. Apa m'pamene anzake ambiri amagwera. Amasiya dividi itatcheredwa pa 5.1 koma n'kulumikiza waya wofiira ndi woyera basi, ndiye nyimbo ndi mfuti zimalira, anthu akungoyendetsa milomo ngati nsomba. Akatero amakweza voliyumu mpaka sipika kununkha.

Aliyense amene anaimapo pabwalo la gule kuno kwa Achewa amadziwa kuti ng'oma sizilira mofanana. Zina zimagwira pansi, koma mbalule ndiyo imalankhula ndi wovina, ndipo ikamizidwa ndi zinzake gule wasokonekera. Amisiri amatchera masipika ake ndi khutu lomwelo.

Mafilimu ambiri amene anthu amakonda kuno, a ku Nigeria, a ku India ndi a karate omasuliridwa m'Chichewa, amabwera ndi njira ziwiri zokha za mawu. Apanso dividi ili ndi yankho. Mu menyu muli Pro Logic II, yomwe imatenga mawu omveka mofanana kumanzere ndi kumanja n'kuwakokera pakati. Mawu a womasulira uja nthawi zambiri amajambulidwa choncho, ndiye amatulukira pa kasipika ka pamwamba pa sikirini, nthabwala zake zili mbee, nkhonya ndi nyimbo zitapatukira m'mbali.

Ndinamuonerera akutchera m'mawa wina m'nyumba mulibe munthu. Anayamba ndi kuuza dividi kuti masipika atatu a kutsogolo ndi ang'onoang'ono, ngakhale awiri a m'mbali ndi mabokosi ofika m'chiuno. Ndinadabwa. Iye anati mawu akuti "small" mu menyu sanena za msinkhu wa bokosi, amanena za katundu amene ukulisenzetsa. Mabesi olemera onse apite ku wufa, enawo apepukidwe kuti aziyankhula momveka. Kenako anatenga chingwe cha sisalo, n'kuyeza kuchokera pa benchi la pakati kufika pa sipika iliyonse. Ka pakati kanali pafupi kuposa enawo ndi pafupifupi mita imodzi. Mawu amayenda mamita ngati 343 pa sekondi, choncho mita imodzi ndi magawo atatu mwa magawo 1,000 a sekondi. Anachedwetsa kasipikako ndi 3 pa menyu kuti mawu onse azifika pamodzi. Pomaliza anayatsa kamkokomo koyesera, kaja kolira ngati mvula yowaza, komwe kamayenda sipika ndi sipika. Anakhala pabenchi atatsinzina, rimoti ili m'manja, kukweza apa kamodzi, kutsitsa apo kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo anthu akadzaza amakonzanso pang'ono, chifukwa matupi ndi majekete a mu Juni amameza mawu opyapyala.

Chimene ndinachita nacho chidwi koposa ndi voliyumu. Ya dividi imatsitsa mawu podula manambala, ndipo ukaitsitsa kwambiri mawu amauma, kufwenthera kwa makina n'kuyamba kumveka pansi pake. Choncho amisiri amaisiya pafupi ndi pamwamba, mphamvu n'kuichepetsera pa kawononga ka pa ampu. Kawonongako anakatchera tsiku limodzi, dividi ili pa voliyumu yomaliza, mpaka pomwe sipika inali isanayambe kusasa, anabweza pang'ono, n'kudonthezapo utoto wa m'zikhadabo kuti wina akakhudza adziwe. Pali chifukwa chinanso. Madividi ena moto ukathima n'kuyakanso amadzuka voliyumu ili pamapeto. Popeza palibe bokosi la pakati lotchinjiriza, mawu onsewo amagwera masipika. Ndi katcheredwe kake, ngakhale mwana atakhalira rimoti, palibe chimene chimapsa. Mnyamata amene amamuthandiza anaphunzitsidwa lamulo limodzi asanakhudze china chilichonse: ampu imayatsidwa pomaliza, imazimitsidwa poyamba, kuopa kugunda kuja koti "phu!" komwe kumang'amba pepala la sipika.

Kulira konga kwa njuchi kumene kumamveka m'nyumba zambiri za kanema anakuthetsa potaya inveta pa mbali ya mawu. Anatsegula dividi, n'kuchotsa kabolodi kolandira magetsi a 230 a ESCOM, n'kuipatsa moto wa 12 wochoka ku batire ndi wa 5 wodzera pa kachaja ka foni ka m'galimoto. Mawaya onse a negetivu anawakumanitsa pa bawuti imodzi. Filimu ikafika pa malo a chete, m'nyumbamo mumakhaladi zii.

Nzeru imeneyi ili ndi abale ake kutali. Mu 2012 kampani ya Oppo Digital ya ku California inatulutsa BDP-105, choseweretsa zimbale za Blu-ray chokhala ndi voliyumu yakeyake, mabowo asanu ndi atatu a mawu ndi polowetsera zipangizo zina. Okonda nyimbo ku America ndi ku Ulaya ankachilumikiza molunjika ku ma ampu, kusiya bokosi la pakati, ponena kuti njira ikafupika mawu amayera. Kampaniyo inalengeza mu 2018 kuti yasiya kupanga zoseweretsa zimbale. Iwo anasankha njirayo ali ndi ndalama m'thumba, amisiri anaifika chifukwa chosowa, koma mafunso amene anakumana nawo ndi amodzi: ndani agawa mabesi, ndani agwira voliyumu, ndani ateteza sipika. Dividi ya amisiri ili ndi malire ake, ndipo sabisa. Ilibe polowetsera mawu a dikoda, choncho tsiku la mpira amasintha mawaya ndi kaswitchi kamene anapanga yekha. Koma kabowo ka maiki ka kutsogolo, kopangidwira oimba, ndi komwe amalengezera filimu ya mawa.

Tsiku lomaliza kufikako kunali mu Januwale. Filimu ili pakati, mvula inatsika kuchokera ku mapiri a Ntchisi n'kuyamba kumenya malata ngati akukhuthula chimanga. Anyamata anatembenuka kukuwa kuti, "Kwezani, madala!" Amisiri anatola rimoti, koma voliyumu yaikulu sanaikhudze. Analowa mu menyu, n'kukweza ka pakati kokha kawiri. Mawu a mayi wa mufilimu anatumphuka pamwamba pa mvula, akudandaulira mwana wake, ndipo mitu yonse inabwerera ku sikirini.