Atomu ya Kanada ndi atomu ya m'kalasi: kuwerenganso buku la Ray

Pamisonkhano yathu yokonza mawu a Ciências Naturais m'Chinyanja, sipalephera kupezeka wina wonena kuti mawu ena tingowasiya m'Chipwitikizi chifukwa chilankhulo chathu sichingawasenze. Mawu omwe amautsa mkangano umenewu kawirikawiri ndi átomo. Mkanganowu ndi umene unandibwezera ku buku lakale la Prafulla Chandra Ray, A History of Hindu Chemistry, lomwe gawo lake loyamba linatuluka mu 1902, lachiwiri mu 1909. Ray ankagwira ntchito yonga yathu: kutenga nzeru zolembedwa m'chilankhulo china, cha Sanskrit, ndi kuzisamutsira m'Chingelezi cha akatswiri a sayansi. Pena anapambana, pena anaterereka, ndipo pomwe anatererekapo ndi pamene ifenso timaterereka.

Ray sanali munthu wongotola nkhani za makolo. Anabadwira ku Bengal mu 1861, anaphunzira ku Edinburgh, n'kudzaphunzitsa kemisitiri ku Presidency College mumzinda wa Calcutta. Ankalemba dziko lake lili m'manja mwa atsamunda a ku Britain, ndipo ambiri ankati Amwenye amadziwa kupemphera ndi kusinkhasinkha basi, osati kuyesa zinthu ndi manja. Bukuli ndi yankho lake, ndipo mkwiyo wake umamveka ngakhale pomwe akuyesa kuubisa.

Mphamvu ya bukuli ili pa ng'anjo. Ray akuonetsa kuti buku lotchedwa Rasarnava limasiyanitsa zitsulo poyang'ana mtundu wa lawi lomwe chilichonse chimatulutsa pamoto, monga mkuwa umene lawi lake ndi la buluu. Akufotokozanso njira yoyengera zinki yopezeka m'buku la Rasaratnasamuccaya. Ntchito imeneyi njovuta pa chifukwa chimodzi: zinki amawira pa madigiri 907, pomwe mwala wake umafuna moto woposa pamenepo kuti umasule chitsulocho. Choncho zinki amatuluka ngati nthunzi n'kuthawa, kapena kupsa akakumana ndi mpweya. Amisiri a ku India anatseka mwalawo ndi makala m'timiphika tadothi, natitembenuza chadodolido kuti nthunziyo itsikire pansi pozizira n'kuundana. Ray anamwalira mu 1944, koma ofukula zakale atakumba ku Zawar, m'chigawo cha Rajasthan, m'zaka za m'ma 1980, anapeza ng'anjo zenizeni zogwira ntchito motero. Ku Ulaya, William Champion wa ku Bristol analembetsa njira yake yoyengera zinki mu 1738, ya ku Zawar itakhala kale zaka mazana. Apa Ray safuna womuikira kumbuyo, umboni ukudzilankhulira wokha. N'chimodzimodzinso ndi chipilala chachitsulo cha ku Delhi, chotalika mamita pafupifupi 7, chomwe chaima zaka pafupifupi 1,600 osadyedwa ndi dzimbiri.

Tikafika pa nkhani ya atomu ndi pomwe ndimayamba kukayika. M'gawo lachiwiri muli nkhani yaitali yolembedwa ndi mnzake wa Ray, Brajendranath Seal, yofotokoza maganizo a akale pa kapangidwe ka zinthu. Gulu la Vaisheshika, lomwe amati analiyambitsa ndi Kanada, linkaphunzitsa kuti dothi, madzi, moto ndi mphepo zinapangidwa ndi tinthu tosagawika totchedwa paramanu. Tiwiri tikalumikizana timapanga dvyanuka, ndipo ma dvyanuka atatu amapanga kanthu kochepetsetsa komwe diso lingaone, konga kafumbi kovina m'kuwala kwa dzuwa kolowa pazenera. Mfundo yawo inali yokoma ndithu: chikhala kuti kugawa chinthu kulibe malekezero, ndiye kuti kambewu kampiru ndi phiri la Meru zikanakhala zofanana, poti zonse zikanakhala ndi tizigawo tosawerengeka.

Vuto nlakuti Seal amavala maganizo amenewa ndi mawu a sayansi ya m'nthawi yake. Paramanu ikangotchedwa atomu, dvyanuka n'kutchedwa molekyu, wowerenga amayamba kuona John Dalton pomwe palibe. Dalton, m'buku lake la mu 1808, anapatsa atomu iliyonse kulemera kwake, ndipo manambala akewo munthu wina ankatha kuwayesa pasikelo n'kuwatsutsa. Kanada analibe sikelo pankhaniyi, chida chake chinali kulingalira. Paramanu yake ya madzi ndi madzi okhaokha mpaka pansi, pomwe ife timaphunzitsa kuti madzi amagawika kukhala mipweya iwiri. Kunena izi sikuchepsa Kanada. Democritus wa ku Greece, yemwe mabuku ambiri a sukulu amayambira pa iye, nayenso analibe sikelo, koma palibe amamuchotsa pa tsamba loyamba.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha mbiya. Anzeru a ku India anakangana kwa nthawi yaitali pa funso lomwe mwana aliyense wa mayi woumba angalifunse: n'chifukwa chiyani mbiya imalowa pamoto yakuda n'kutuluka yofiira? A Vaisheshika ankati moto umaphwasula mbiyayo mpaka pa tinthu take tosagawika, kenaka kalikonse kamasintha mtundu, n'kulumikizananso mofulumira kwambiri moti diso silingaone. A gulu la Nyaya ankatsutsa: mbiya imakhala yathunthu, moto umangolowa m'timipata take. Lero tikudziwa kuti kufiirako kumachokera ku chitsulo cha m'dothi chikakumana ndi okisijeni pamoto. Magulu onse awiri sanafike pamenepo. Koma taonani mmene anagwirira funsolo, ndi mawu akwawo, pa chiwiya cha kukhitchini.

Pali zinanso zofooka. Dzina lakuti "Hindu" pachikuto limaphimba a Chibuda ndi a Chijaini, omwe anali ndi maganizo awoawo pa tinthu tosagawika. Ndiponso Ray anakhulupirira msanga kuti zolemba zina za mankhwala a mercury n'za Nagarjuna, pomwe ofufuza a pambuyo pake aonetsa kuti dzinali linamatidwa pa mabuku a nthawi zosiyana, ena olembedwa patapita zaka mazana ambiri wanzeru wa Chibuda uja atamwalira.

Komabe mutu wina wa bukuli umandigwira mtima kuposa yonse. Ray akufunsa chomwe chinazimitsa moto umenewu ku India, ndipo sakuloza atsamunda okha. Akuloza kwawo komwe: dongosolo logawa anthu m'magulu obadwa nawo linasiya ng'anjo m'manja mwa anthu onyozeka, ophunzira n'kumanyansidwa ndi ntchito yamanja. Wodziwa kulemba sanadziwe kusula, wodziwa kusula sanadziwe kulemba. Mphunzitsi wa ku Angónia kapena ku Lago safunika kumumasulira zimenezi, poti kwa zaka zambiri Chipwitikizi chinali cha m'buku, Chinyanja cha kumunda ndi kwa osula makasu.

Nanga átomo tipange nayo bwanji? Ine ndikuti tibwereke, tilembe atomu, ndipo tisaiveke dzina longa kanjere kapena kafumbi. Mwana akamva kanjere amaona chinthu chomwe angachiike pachikhatho n'kuchiphwanya ndi mwala, ndipo chithunzi chimenecho chimavuta kuchifufuta akafika ku sekondale. Koma funso lofikitsa mwana pa atomu lisabwerekedwe. Bweretsani chimanga, mgaiwa ndi ufa woyera m'kalasi, ana atsine ufawo pakati pa zala, muwafunse m'Chinyanja ngati kusinja kuli ndi polekezera. Wina akati kulibe, mupatseni kambewu kampiru, mumulozere phiri lomwe lili pafupi ndi sukulu yanu, ayankhe yekha funso la Amwenye lija.