Thumba Likagwa pa Mota, Walakwa Ndani?

Tsiku la msika tiyeni tiime pambali pa mseu wolowa mu Ulongwe, kapena pa njira yotsika kucokera ku Domwe. Tiona njinga za moto, zimene ife timazicha mota, zitasenza matumba a mbatatesi, cimanga, nyemba ndi soya. Zina zanyamula madengu a matimati ndi kabici. Zina zanyamula mbuzi, nkhumba, malata kapena zigubu za petulo. Pa mota zina woyendetsa saoneka n'komwe, wabisika m'katundu.

Tsopano tiyang'ane pansi. Apa pali cimanga cotayika, candandalika mtunda wautali ngati munthu amafesa dala. Apo pali matimati ophwanyika. Uko kuli cidutswa ca legeni loduka. Zinthu izi tonse timaziona, ndipo tazizolowera. Katundu akagwa timati, "Linali tsoka," kapena "Mseu ndi woipa," kapena "Malegeni a masiku ano ndi osalimba." Ife tikuti mau amenewa ndi ongodzikhululukira. Nthawi zambiri thumba limagwa cifukwa ca mmene tinalikwezera ndi mmene tinalimangira tisananyamuke pakhomo.

Mota yatithandiza

Sitikunyoza mota ai. Dziko lathu la Angónia ndi la mapiri. Phiri la Domwe ndi lalitali mamita oposa 2,000. Kuno kumagwa mvula yabwino, ndipo anthu amati ndife nkhokwe ya cigawo ca Tete. Mbatatesi zathu zimatsika pa mseu wa Mussacama kupita ku Tete ndi ku mizinda ina. Zokolola zina zimapita ku malire a Calomué pafupi ndi Dedza, zina ku misika ya m'malire a Tsangano ndi Ntcheu. Koma minda yambiri ili kutali ndi mseu wa phula, kumene lole safika.

Nkhondo itatha mu 1992, anthu anabwerera ku midzi yao kucokera ku Malawi. Ananyamula zokolola pamutu, pa ngolo ya ng'ombe ndi pa njinga yakapalasa. M'zaka za pambuyo pa 2000 mota zochipirapo zocokera ku China ndi ku India zinayamba kuculuka. Ulendo umene unkatenga tsiku lonse tsopano umatenga ora limodzi kapena awiri. Wodwala amafika ku cipatala msanga. Feteleza amafika ku munda mvula isanapite. Zonsezi ndi zabwino.

Bvuto ndi lakuti tinagula cinthu catsopano koma tinasunga kamangidwe kakale.

Mota si njinga yakapalasa

Tinaphunzira kumanga katundu pa keliyala ya njinga. Timadula cubu cakale, ndi kupanga malegeni, ndi kukulunga thumba kawiri kapena katatu. Pa njinga izi zimakwana. Njinga yolemedwa imayenda pang'ono pang'ono. Pa cikweza mwini amatsika ndi kukankha, dzanja lina lili pa thumba. Thumba likayamba kupendekeka amamva msanga, ndipo amaima.

Mota siitero. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mota ikamayenda makilomita 36 pa ora, ndiye kuti pa sekondi imodzi yokha ikudutsa mamita 10. Ikamayenda makilomita 54 pa ora, ikudutsa mamita 15. Pa liwiro lotere dzenje lililonse limaponya katundu m'mwamba ndi kumugwetsanso. Injini nayo imanjenjemera njira yonse. Woyendetsa samva thumba likamatsetsereka kumbuyo, cifukwa ca phokoso ndi mphepo.

Legeni limatanuka. Kutanukako ndiko timalikondera, koma ndiko kuipa kwake. Thumba la makilo 50 likadumpha pa dzenje, legeni limalola, thumba limasuntha pang'ono. Likadumphanso limasunthanso. Potsiriza lapendekera mbali imodzi. Ndiponso mphira umaola ndi dzuwa, umacita ming'alu, ndipo ukanyowa ndi mvula umaterera. Legeni lokungidwa kwambiri likaduka limabwerera ngati mkwapulo, ndipo likhoza kuphulitsa diso la womangayo.

Mwini katundu nayenso ali ndi mlandu

Kawiri kawiri timadzudzula anyamata oyendetsa mota. Timati ndi opupuluma, ndi okonda ndalama. Ena alidi otero. Koma tiyeni timve mmene nkhani imayendera pakhomo.

Mnyamata wafika. Matumba atatu ali pa khonde.

"Amayi, ndinyamula awiri. Lacitatu ndibwerera."

"Iai acimwene, kwezani onse. Ndilipire maulendo awiri ine? Anzanu amanyamula anai."

Mnyamata akudziwa kuti akakana, mai aja aitana wina. Abvomera. Apa ndani wakweza thumba lacitatu? Ndi mwini katundu. Ndife tomwe.

Tiwerengerenso. Mota iliyonse ili ndi malire a kulemera kumene ingasenze, ndipo malirewo analembedwa m'buku limene limabwera ndi mota. Pa mota zazing'ono zambiri malirewo ali pafupi ndi makilo 150, kuwerengera pamodzi ndi woyendetsa. Tiyese kuti woyendetsa akulemera makilo 65. Matumba atatu a makilo 50 ndi makilo 150. Zonse pamodzi ndi makilo 215. Ngati mwini katundu wakweranso pamwamba, tapitirira kutali.

Katundu wotere amakhala kumbuyo ndiponso m'mwamba. Gudumu la kutsogolo limapepuka, ndipo siligwira bwino pansi. Pa cikweza limafuna kunyamuka. Pokhota mota imakana kumvera. Pa mtsetse mabuleki amatentha, ndipo mota imapita patali isanaime. Njira zathu za dothi lofiira zimaterera kuyambira Novembala mpaka Malici, ndipo m'miyezi ya cisanu nkhungu imaphimba mapiri m'mawa. Akulu anati, "Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada." Pofuna kupulumutsa mtengo wa ulendo umodzi, timaika pa ngozi nchito ya caka conse.

Cimene timataya

Thumba la cimanga silinayambe lero. Linayamba ndi kugalauza, kubzala, kupalira, kubandira, kukolola ndi kutonola. Likaphulika pa mseu, cimene tingatole ndi cosakanizika ndi dothi ndi miyala, ndipo wogula amatsitsa mtengo. Mbatatesi zikagwa zimasupuka ndi kuola msanga. Matimati sabwereranso. Thumba la feteleza likagwera m'madzi pooloka mtsinje limasungunuka, ndipo ngati linali la ngongole, ngongoleyo imatsala.

Koma pali cina coposa ndalama. Katundu wogwa amagwera munthu wa pambuyo. Mnzathu amene akutitsata pa mota ali ndi kanthawi kocepa kuti aone ndi kuponda buleki. Ngati ndi usiku kapena muli fumbi, saona n'komwe. Amaomba thumbalo, kapena amalizemba ndi kukumana ndi galimoto. Nyemba ndi soya zotayika pa phula zimatereretsa gudumu. Malata ndi matabwa omangidwa copingasa amatenga malo a anthu oyenda pansi, ndipo lata limaceka ngati mpeni. Nsonga ya cingwe yolendewera ikakodwa mu cheni kapena m'masipoko, gudumu la kumbuyo limaima mwadzidzidzi, ndipo woyendetsa amaponyedwa pansi. Thumba la pulasitiki likakhudza paipi ya utsi limasungunuka ndi kubooka. Cigubu ca petulo cikakhudza paipiyo, tonse tikudziwa cimene cingacitike.

Malamulo a pa mseu a dziko lathu, amene anakhazikitsidwa mu 2011, amafuna kuti katundu akhale womangidwa bwino, wosagwa ndi wosasokoneza kayendetsedwe, ndiponso kuti wokwera mota abvale cisoti. Koma wapolisi sakhala pa khonde pathu pamene tikumanga. Pamenepo pali ife awiri okha, mwini katundu ndi woyendetsa.

Timange bwanji?

Coyamba, ticepetse. Matumba awiri akafika bwino aposa atatu amene limodzi latsala m'njira.

Caciwiri, tisoke kukamwa kwa thumba ndi singano ndi ulusi wolimba. Kungomanga ndi luzi sikukwana. Thumba lobooka tiliike m'thumba lina.

Cacitatu, colemera cikhale pansi ndiponso pafupi ndi msana wa woyendetsa. Copepuka cikhale pamwamba. Ngati tikupacika katundu m'mbali, mbali zonse ziwiri zilemere mofanana, ndipo pakati pa katundu ndi paipi ya utsi pakhale mpata.

Cacinai, tiyambe ndi cingwe cosatanuka, ca nailoni kapena ca khonje. Cingwe cigwire pa citsulo ca keliyala, osati pa pulasitiki kapena pa nyali. Cidutse njira ziwiri: kucokera kumanzere kupita kumanja, ndiponso kucokera kutsogolo kupita kumbuyo. Thumba lililonse likhale ndi cingwe cake, kuti cimodzi cikaduka ena atsale. Malegeni abwere pambuyo, kuthandiza kukunga. Legeni la ming'alu titaye.

Cacisanu, nsonga zonse za zingwe tizipinde ndi kuzimanga. Pasakhale colendewera pafupi ndi gudumu. Nyali ya kumbuyo ioneke.

Cacisanu ndi cimodzi, tigwedeze katundu ndi manja awiri, mwamphamvu. Ngati katundu akugwedezeka yekha, mota ili cikhalire, timasule ndi kuyambanso. Katundu womangidwa bwino amagwedezeka pamodzi ndi mota.

Cacisanu ndi ciwiri, tikayenda mtunda pang'ono tiime ndi kukunganso. Cimanga ndi nyemba zimakhazikika m'thumba mota ikamagwedezeka, ndipo cingwe cimene cinali colimba pakhomo cimakhwepa. Tiyang'anenso tisanayambe mtsetse wautali ndiponso tikaoloka mtsinje.

Pali zinthu zina zosayenera kuyendera pamodzi. Mankhwala a mbeu ndi petulo asakhale pamodzi ndi ufa, mcere kapena nsomba. Mwana asakhale pamwamba pa katundu, ndipo munthu asakhale cingwe ca katundu pomugwirira ndi manja. Malata ndi matabwa aatali ndi nchito ya ngolo kapena galimoto. Mabanja angapo akhoza kusonkha ndi kubwereka ngolo imodzi.

Katundu akagwa

Ngati katundu wagwa, tiimike mota kunja kwa mseu. Nchito yoyamba ndi kucotsa katunduyo pa njira ndi kucenjeza amene akubwera. Kutola zotayika kubwere pambuyo.

Pano tili ndi mau kwa ife okhala m'mbali mwa mseu. Pali cizolowezi coipa conena kuti, "Kutola si kuba." Thumba likagwa, mwini asanazindikire, ena alikokera kale kuseri kwa nyumba. Ana amathamangira pa mseu ndi mbale kukatola cimanga, osayang'ana galimoto. Thumba limenelo lili ndi mwini. Mwina ndi mai wamasiye amene amafuna kugula makope a ana. Mwina mnyamata woyendetsa uja alipira ndi ndalama zake za mwezi wonse. Cotola tipereke kwa amfumu kapena kwa akulu a pa msika. Ifenso amene taphunzira kulemba tilembe dzina lathu ndi la mudzi wathu pa thumba lililonse, kuti wotola wokhulupirika adziwe kopereka.

Tsono walakwa ndani thumba likagwa? Mseu woipa uli ndi mbali yake, ndipo tili ndi ufulu wopempha kuti ukonzedwe. Koma dzenje la pa njira yathu tinalidziwa tisananyamuke. Woyendetsa amene wamanga mothamanga walakwa. Mwini katundu amene wakakamiza thumba lacitatu walakwa. Mnansi amene waona cingwe cikulendewera ndi kungokhala cete nayenso walakwa. Sabata ino, aliyense wa ife amene akweze katundu pa mota ayambe wagwedeza katunduyo ndi manja ake asanalole kuti injini ilizidwe.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwathu katundu amene amagwa kawiri kawiri pa mota ndi wotani?
2. Woyendetsa akulemera makilo 70. Wanyamula matumba awiri a makilo 50. Zonse pamodzi ndi makilo angati?
3. Cifukwa ciani tiyenera kuima ndi kukunganso zingwe tikayenda mtunda pang'ono?
4. Kodi oyendetsa mota a kwathu angagwirizane bwanji kuti onse azikana katundu wopitirira muyeso?
5. Lembani dzina lanu ndi la mudzi wanu monga mmene mungalembere pa thumba.