ZA MBALE YA FRED WESLEY, WOOMBA LIPENGA LOKOKA

Abale anga a m'komponi, Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ena a inu munandifunsa ngati nkoyenera Mkhristu kumvera mbale ija imalira m'chipinda cha anyamata a kumapeto, imene dzina lache ndi Damn Right I Am Somebody. Ndaimvera katatu, ndipo a Mkonzi andilola kuti ndiyankhe pano.

Mbaleyi inatuluka ku America m'chaka cha 1974. Dzina limene lili pachikuto ndi la Fred Wesley, wobadwa mu 1943, amene anakulira ku Mobile, m'chigawo cha Alabama. Iye aomba lipenga lija lokoka, la tromboni, longa limene tiliona kwa a Salvation Army. Mtima wache unali pa nyimbo za jazi, koma nsima anaipeza kwa James Brown, mwini nyimbo zovina zotchedwa funk, amene anamuika kukhala kapitawo wa oimba ache.

Dzina la mbaleyi tingalimasulire kuti, Ndithudi ine ndine munthu. Mau otere ankawalalikira Mbusa Jesse Jackson kwa anthu akuda a ku America, ndipo liu la mbusayo limveka m'nyimbo yotchedwa Same Beat. Ine amene ndikhala m'ofesi tsiku lonse kulemba nambala zanu, ndi kudziwa amuna ambiri ndi nambala yokha koma dzina ai, ndinamva mauwo ngati andiloza chala. M'nyimboyi ng'oma ndi gitala wamkulu zibwereza pamodzimodzi osatopa, monga fosholo pa shifiti. Koma malipenga akalowa, mumva kuti pali munthu akulankhula. Lipenga la Wesley lili ndi liu lonenepa, losathamanga, ngati la mkulu wa mpingo amene sakuwa koma onse amkhalira chete.

Tsono taonani chodabwitsa. Munthu amene aimba kuti ndine munthu anali yekha pansi pa bwana. Gulu limene ankalitsogolera linkatchedwa The J.B.'s, ndizo zilembo za dzina la James Brown. Bwana ameneyu ankadula malipiro a oimba ache akaphonya pang'ono, ndipo za kudulidwa ndalama sindifunika kukuphunzitsani inu. Pa nyimbo ya Blow Your Head, Wesley atatsiriza ntchito yache, Brown anabwera pambuyo naikapo makina a Moog olira ngati njuchi yolowa m'chitini, ndipo mwini ntchito sanakondwe nazo. Komatu phokoso lomwelo ndilo linatchukitsa nyimboyi, kotero kuti mu 1987 gulu la Public Enemy linalitenga kumangirapo nyimbo yao. Anyamata athu alikonda kwambiri. Ine ndili mbali ya Wesley, pakuti makinawo aphimba malipenga monga bwana aphimba mau a kapitawo wache pamaso pa antchito. Mu 1975 Wesley anachoka kwa Brown, ndipo mu 1978 analowa gulu la jazi la Count Basie, kumene mtima wache unafuna kuyambira kale.

Ilipo nyimbo yina yofunsa chimene munthu apindula ndi msonkho umene apereka. Mau ache ndi ochepa, koma funsolo nlabwino, ndipo amene tiona pepala la malipiro mwezi ndi mwezi tilidziwa.

Kunena za Chikhristu, sindibisa. Liu loyamba m'dzina la mbale nlotukwana m'Chingerezi, ndipo sindifuna kulimva pakamwa pa ana a Sande sukulu. Nyimbo yotsiriza, imene anaibwereka kwa Marvin Gaye, ndi ya za m'chipinda chogona. Sithandiza mwamuna amene mkazi wache ali kutali kumudzi, ndipo ngakhale kuimba kwache nkozizira, kosafanana ndi zinzache. Imeneyo ilumpheni. Zotsalazo sindipezamo tchimo, ndipo mkulu wa mpingo amene afuna kuziletsa ayambe wamvera Same Beat mpaka kumapeto.

Koma inu anyamata a chipinda cha kumapeto, ikakwana 9 koloko usiku muzichepetsa mau, pakuti anzanu a shifiti ya m'mawa adandaula kwa ine kawiri tsopano.