Mbewu ya Nkhuku Sapita Nayo Kumsika

Ku Tsangano amayi oweta nkhuku alibe kaundula, koma mtundu wa nkhuku zawo amausunga m'mutu. Akakulozera thadzi la mawanga, amakuuza kuti agogo ake anali mphatso ya apongozi. Kameta wa khosi lopanda nthenga, kansilanga wa nthenga zoimirira, onse amadziwika kochokera. Msoti wotengera make ndiye mbewu. Sakaugulitsa ku Lizulu ngakhale ndalama ya feteleza itasowa. Tambala yekha ndi amene amasinthana ndi anzawo akutsidya, poti magazi akayandikana kwambiri anapiye amafooka.

Nkhuku zakuda za Mikolongwe zimakula msanga, sindikana. Koma ine mtima wanga uli pa thadzi lachikuda lija, lofungatira bwino, lomwe limatambasula mapiko kabawi akangozungulira pamwamba pa khola.