Atsogoleri atatu m'chaka chimodzi: tisasilire msanga

Ikatha swala ya Ijumaa, nkhani za ndale sizisowa pakhonde la mzikiti. Pali ganizo limene ndalimva kawirikawiri chichokere 2022, ndipo sindigwirizana nalo. Amati ku Britain nduna yaikulu ikalakwa sigonera pampando. M'chaka chimodzi analamula atatu, Boris Johnson, Liz Truss ndi Rishi Sunak, nanga ife tipiririranji munthu zaka zisanu?

Olankhula chotere safunsa kuti anasankha ndani. Mayi Truss analowa pa 6 Sepitembala natuluka pa 25 Okutobala. Anawaika pampando ndi mamembala 81,326 a chipani cha Conservative, m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni. A Sunak anakwezedwa ndi aphungu a chipani chawo, mamembala osaponya voti n'komwe. Nzika wamba inangoonerera pa kanema, uku chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba yake, riba yomwe ife timaithawa ija, chikukwera.

Mbiri yathu ili ndi chaka choposa pamenepo, ndipo ana a madrasa ndimawauza za icho. Mu 744, ufumu wa Banu Umayya unaona makhalifa anayi. Walid II anaphedwa ndi gulu lotsogozedwa ndi mbale wake Yazid III. Yazid analonjeza chilungamo, koma anamwalira atalamula pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Mchimwene wake Ibrahim sanavomerezedwe m'madera ambiri, ndipo chaka chisanathe Marwan II analowa mu Damascus ndi asilikali. Ambiri anadandaula ndi khalidwe la Walid, ndipo mwina madandaulowo anali oona. Koma mafuko a ku Syria ataphunzira kuti khalifa angachotsedwe ndi lupanga, sanaiwalenso. Mu 750 ufumuwo unagwa m'manja mwa Banu Abbas.

Sindikuikira kumbuyo wokakamira pampando. Zaka 30 za Kamuzu makolo athu akuzidziwa. Ndipo si kusintha kofulumira konse kumene kumaononga. Ku Zambia a Michael Sata anamwalira pa 28 Okutobala 2014, a Guy Scott anagwirizira, a Edgar Lungu analumbira mu Januwale 2015: atsogoleri atatu m'miyezi itatu, dziko osagwedezeka, chifukwa malamulo anali atanena kale wogwirizira ndi nthawi ya chisankho. Kwathu kuno a Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, ena anayesa kuzemba malamulo omwewo, ndipo dziko linakhala masiku awiri m'chikaiko mpaka mayi Joyce Banda analumbira pa 7.

Ngakhale kusintha kwalamuloko kunali ndi mtengo wake. Mwezi wotsatira kwacha inatsitsidwa mphamvu kwambiri. Mbendera imene inasinthidwa mu 2010 inachotsedwa, yakale n'kubwerera. Zina mwa izi zinali zofunika, sindikana. Koma yunivesite ya zam'madzi imene a Bingu analonjeza Mangochi inatsala m'mapepala, ndipo atsogoleri atatu otsatira sanaimange.

Apa ndi pamene ganizo la pakhonde lija limandivuta kwambiri. Chambo cha m'nyanja ya Malombe sichingabwerere m'chaka chimodzi. Chimafuna boma loti litseke nyanja nyengo yoswana, lilande maukonde a maso aang'ono, lipirire mkwiyo wa asodzi, kenaka lichite zomwezo chaka chamawa ndi chinacho. Mtsogoleri wodziwa kuti aphungu ake angamuchotse mwezi wamawa sangalande khoka ngakhale limodzi.