Nyimbo Yodalira Mulungu Siithamanga

Nyimbo zambiri zimene zimatiuza kuti tidalire Mulungu zimafulumira kutonthoza. Zimalonjeza ntchito, banja ndi galimoto, moti namfedwa akamazimva amaona kuti sizikunena za iye. Nyimbo ya Horatio Spafford yotchedwa "It Is Well with My Soul" inadzera njira ina, ndipo opeka nyimbo athu ayenera kuitchera khutu.

Spafford anali loya ku Chicago. Mu Novembala 1873, sitima ya pamadzi ya Ville du Havre, momwe munali mkazi wake Anna ndi ana awo aakazi anayi, inawombana ndi inzake yotchedwa Loch Earn pa nyanja ya Atlantic n'kumira. Ana onse anayi anatsikira kuli chete, mayi wawo n'kupulumuka. Bambo wotere akanatha kudzaza ndime zonse ndi misozi. Koma m'nyimboyi mulibe dzina la mwana, ngakhale sitimayo mulibe. Chisoni wachitchula pamzere umodzi wa ndime yoyamba, pochifanizira ndi mafunde. Mayesero a Satana wangowadutsa mwachidule, maso n'kulunjika pa mtanda, pa kukhululukidwa kwa machimo ndi pa kubweranso kwa Ambuye. Posaulula zonse, wasiyira malo aliyense woimba kuti aikepo maliro akwawo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ntchito ya Philip Bliss, amene anapeka maimbidwe ake. Maimbidwewa anasindikizidwa mu 1876, chaka chomwe iye mwini anafera pa ngozi ya sitima ya pamtunda ku Ashtabula, Ohio. Tamverani kolasi yake. A sopurano sakwera, satsika. Amagwira liwu limodzi n'kulikoka, kwinaku a tenala ndi a besi akubwereza mawu omwewo chapansipansi. Zimatero kawiri. Kachitatu m'pamene nyimbo imadzuka, onse n'kukwerera limodzi. Kwa ife ogona pasiwa izi si zachilendo: woyambitsa nyimbo mawu akayamba kunjenjemera, amayi a Mvano kapena a Chigwirizano amamulandira msanga isanagwe. Bliss anaika m'maimbidwe chikhulupiriro cha mtundu umenewo, cha munthu amene waima pomwe ali, mphamvu zatha, koma sanataye, ndipo anzake akumuchirikiza.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva kwaya ikuithamangitsa potsatira ng'oma za pa kiyibodi. Liwu lokoka lija likadulidwa, a besi amasowa polowera, amangomeza mawu, ndipo kudikira konse kumene nyimboyi inamangidwapo kumatha. Ndime yomaliza, ya lipenga ndi mitambo, imafunadi kuimbidwa ndi chifuwa chonse. Koma wotsogolera kwaya akalola oimba ake kufuula kuyambira ndime yoyamba, pofika pa lipengapo amakhala atasasa mawu kale.